PHUNZIRO: MWANA AKAMACHEDWA KULANKHULA NDI KUCHEZA NDI ANZAKE

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Pomaliza phunziroli mayi aliyense athe:

1. Kutchula zizindikiro zoonetsa kuti mwana akufunika kukaonedwa ndi achipatala pa nkhani ya kakulidwe kake.
2. Kuyankha mwaulemu mawu amene amachedwetsa makolo kupita kuchipatala.
3. Kuthandiza mayi mnzake kukonzekera ulendo wa kuchipatala.

Kwa mtsogoleri: Phunziroli ndi lalitali, mukhoza kuligawa pa misonkhano iwiri. Werengani mofatsa ndipo muziima pamutu uliwonse kuti amayi afunse. Pokambirana pasatchulidwe dzina la mwana wa munthu, pokhapokha mayi wake atafuna yekha kufotokoza.

MAWU OYAMBA

Okondedwa amayi, tiyambe ndi fanizo.

Taganizirani mayi wina wa ku Ngala, m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Dwangwa. Ali ndi mwana wamwamuna wa zaka ziwiri ndi theka. Mwanayo ndi wathanzi, sikelo ikukwera mwezi ndi mwezi, ndipo akamathamanga pamchenga mayi ake samugwira. Koma akamuitana dzina satembenuka, chikhalirecho injini ya boti ikalira chapatali amadzidzimuka n'kutseka makutu. Ali ndi chaka chimodzi ankatha kunena "mama" ndi "bwela", kenaka mawu aja adangozimirira. Akafuna madzi amagwira dzanja la mayi ake n'kukaliika pandowa, osawayang'ana kumaso. Amatha kukhala m'mawa wonse akundandalika zigoba za nkhono pamzere, ndipo wina akasuntha chimodzi amalira osatonthola. Pa chakudya amafuna kondowole yekha, usipa sauyandikira.

Mayiyu adapita kwa apongozi ake. "Amayi, mwanayu ine akundidetsa nkhawa." Apongozi adayankha kuti, "Khazikani mtima pansi, mwananga. Bambo akewa adayamba kulankhula mochedwa. Anyamata amatero." Atauza amuna ake, iwo adati, "Mwana sakutentha thupi, sakutsegula m'mimba. Ndalama ya minibasi tiitayirenji?" Kumjigo amayi ena adayamba kunong'onezana iye akafika. Basi mayi uja adasiya kufunsa, ndipo adayamba kumusiya mwana kunyumba akamapita pagulu. Chaka chidatha.

Pa anthu onsewa palibe amene amadana ndi mwanayo. Komabe chaka chathunthu chatayika pa msinkhu umene ubongo wa mwana umaphunzira msanga kuposa nthawi ina iliyonse. Mfundo ya phunziro lathu ndi imodzi: mayi akaona kuti pena pake sipali bwino pa kakulidwe ka mwana wake, nkhawa yakeyo payokha ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala. Asadikire kuti mwana adwale kaye.

1. KODI AUTISM NDI CHIYANI?

Zimene tafotokoza m'fanizoli zikufanana ndi chimene madokotala amachitcha autism. M'Chichewa mulibe liwu lake lenileni, n'chifukwa chake ana otere amapatsidwa mayina opweteka monga chitsiru, wozerezeka kapena wamisala. Mayina amenewa ndi olakwika, ndipo ife tisawagwiritse ntchito.

Autism ndi kusiyana kwa momwe ubongo wa mwana umakulira, ndipo kumayamba mwana asanabadwe. Kumaonekera pa zinthu ziwiri zikuluzikulu. Choyamba, mwana amavutika kulumikizana ndi anthu: kuyang'anana m'maso, kuloza, kulankhula, kusewera ndi anzake. Chachiwiri, amakonda kubwereza zinthu zomwezomwezo, safuna kuti dongosolo lisinthe, ndipo phokoso, kuwala, fungo kapena kukhakhala kwa chovala kumamusautsa kuposa ana ena.

Ana a autism safanana onse. Ena amalankhula bwino ndi kukhoza m'kalasi, koma amavutika kupeza anzawo. Ena salankhula mpaka kukula ndipo amafuna wowasamalira moyo wawo wonse. Ambiri ali pakatikati. Autism si matenda opatsirana, si misala, ndipo palibe jakisoni, mapiritsi kapena mankhwala azitsamba amene amaichotsa. Chimene chimathandiza ndi kuphunzitsa mwana mwa njira yoyenera iyeyo, ndipo kuyamba msanga kumapindulitsa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena kuti mu 2021 munthu mmodzi mwa anthu 127 aliwonse anali ndi autism. Choncho pamudzi waukulu ngati Ngala, kapena pasukulu ya pulayimale ya ana mazanamazana, sitingadabwe kupeza ana angapo otere. Anyamata amapezeka nayo kwambiri kuposa atsikana, koma atsikananso amakhala nayo, ndipo kawirikawiri sadziwika msanga chifukwa anthu amangoti ndi ofatsa.

Mbiri yake imatiphunzitsa kanthu. Dokotala wa ana dzina lake Leo Kanner, wa mumzinda wa Baltimore ku America, ndiye adalemba za ana 11 otere mu 1943. Woyamba pa anawo anali Donald Triplett, wobadwa mu 1933. Dokotalayu asanamuone mwanayo, adalandira kalata ya masamba 33 yochokera kwa bambo ake, yofotokoza zonse zimene makolowo ankaona pakhomo: momwe ankadyera, momwe ankazungulitsira zinthu, momwe ankakhalira ngati sakuona anthu. Ndiye kuti oyamba kuona anali makolo, dokotala adabwera pambuyo. Donald adakulira kwawo m'tauni yaing'ono ya Forest, anthu akumeneko adamulandira monga wawo, adagwira ntchito kubanki zaka zambiri, ndipo adamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Si mwana aliyense amene adzayende njira yofanana ndi imeneyi, koma tikuona chimene chimachitika makolo akalankhula ndipo mudzi ukamulandira mwana.

2. ZIZINDIKIRO ZOYENERA KUZIONETSETSA

Kusikelo timazolowera kuyang'ana kulemera kwa mwana ndi katemera. Kukula kwa mwana kuli ndi mbali inanso: kumva, kucheza, kusewera ndi kulankhula. Ana sakula mofanana, monga zala za dzanja limodzi sizilingana, komabe pali malire amene achipatala amayang'ana. Pitani naye mwana akamuone ngati:

Pa miyezi 6 samwetulira mukamamuseketsa.

Pa miyezi 9 mpaka 12 satembenuka mukamuitana dzina, ndipo sachita timawu ta ana monga "ba-ba" kapena "ma-ma".

Pa miyezi 12 sabayibitsa, satambasula manja kuti mumunyamule, saloza chinthu.

Pa miyezi 16 mpaka 18 alibe liwu ngakhale limodzi lomveka.

Pa miyezi 18 sakulozerani chinthu chimene chamusangalatsa, monga bwato kapena mbuzi, kuti nanunso muchione.

Pa zaka 2 salumikiza mawu awiri payekha, monga "ndipatse madzi".

Pa zaka 2 mpaka 3 sachita masanje, sayerekeza kuphika kapena kubereka chidole, ndipo alibe chidwi ndi ana anzake.

Pa msinkhu uliwonse wasiya kulankhula mawu amene ankalankhula, kapena wasiya kucheza monga ankachitira. Chizindikiro ichi musachidikirire ngakhale mwezi umodzi.

Zina zimene makolo amaona ndi izi: kukupiza manja, kuyenda ndi zala za kumapazi, kuzungulirazungulira, kubwereza mawu a wina m'malo moyankha (mukati "Ukufuna phala?" iye n'kuti "Ukufuna phala?"), kusagona usiku, kudziluma kapena kudzimenyetsa mutu akakhumudwa.

Pa zonsezi, amayi, gwiritsitsani nkhani ya kuloza. Mwana amene wangochedwa kulankhula amapezabe njira yokuuzani zinthu. Amakukokani chitenje, amaloza, amayang'ana chinthucho kenaka n'kuyang'ana inu, amagwedeza mutu. Mwana amene salankhula komanso saloza, sakuyang'anani, ndipo sabwera kudzakuonetsani chimene watola, ameneyo ndiye wofunika kuonedwa msanga. Chizindikiro chimodzi chokha sichitanthauza kuti mwana ali ndi autism, ndipo si ntchito yathu kupereka dzinali kwa mwana wa munthu. Ntchito yathu ndi kuona ndi kuperekeza.

3. MWINA SI AUTISM

Chifukwa china chopitira kuchipatala n'chakuti pali mavuto ena amene amaoneka chimodzimodzi, ndipo ena mwa iwo ali ndi mankhwala.

Kusamva. Mwana amene samva bwino sangaphunzire kulankhula. Khutu lotuluka mafinya nthawi yaitali likhoza kuononga kumva, momwemonso matenda oumitsa khosi. Mwana aliyense wochedwa kulankhula ayenera kuyezedwa makutu, ngakhale akuoneka ngati amamva. Kuomba m'manja kumbuyo kwake si kuyeza, chifukwa mwana amatha kumva phokoso lalikulu koma osamva bwino mawu a munthu.

Malungo a muubongo. Kuno kunyanja malungo satha chaka chonse. Mwana amene adakomoka ndi malungo, ngakhale adachira, akhoza kutsala ndi vuto la kulankhula, khunyu, kapena kusintha khalidwe. Ngati kusinthako kudayamba atatuluka m'chipatala, auzeni adokotala.

Mavuto a pobadwa. Kubanika pobadwa, kubadwa masiku asanakwane, kapena chikasu chachikulu m'masiku oyamba zimatha kuchedwetsa kakulidwe.

Khunyu. Sikuti nthawi zonse imagwetsa mwana pansi. Ina imangomuchititsa kuyang'ana malo amodzi kwa kanthawi ngati wachoka. Ana ambiri a autism amakhalanso ndi khunyu, ndipo khunyu ili ndi mankhwala kuchipatala.

Kunyentchera ndi kuchepa kwa magazi. Mwana wofooka m'thupi sasewera ndipo saphunzira msanga.

Mayi amene wakhala pakhomo poopa kumva dzina la autism akhoza kukhala kuti akusunga mwana amene vuto lake ndi khutu lochizika.

4. MAWU AMENE AMATICHEDWETSA

Tiyeni tione mawu amene mayi wa m'fanizo lathu adamva, ndi ena otere, ndipo tiganize momwe tingayankhire popanda kunyoza akuluakulu.

"Anyamata amachedwa, alankhula yekha." Ndi zoona kuti ana ena amachedwa kenaka n'kulankhula bwinobwino. Vuto ndi lakuti pakhomo sitingadziwe kuti uyu ndi uti. Mukapita kuchipatala n'kupeza kuti mwana ali bwino, mwataya tsiku limodzi ndi ndalama yoyendera. Mukadikira mpaka zaka 6 n'kupeza kuti panali vuto, mwataya zaka zimene sizibwerera. Paja akulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Apongozi mukhoza kuwayankha kuti, "Mwanena zoona amayi, mwina atengera bambo ake. Tiyeni tipitire limodzi akamuone makutu, kuti tonse mitima ikhale pansi."

"Amulodza," kapena "Bambo ake adamukhwimira kuti ukonde uzigwira nsomba." Mawu awa apasula mabanja ndi kudanitsa abale. Chimene madokotala apeza n'chakuti gwero lalikulu la autism ndi chibadwa chimene mwana amatengera kwa makolo onse awiri, monga momwe amatengera msinkhu kapena khungu. Mu 1977 akatswiri awiri, Susan Folstein ndi Michael Rutter, adafufuza ana amapasa ku Britain. Adapeza kuti pa mapasa ofanana ndendende, mmodzi akakhala ndi autism mnzakenso kawirikawiri amakhala nayo, zimene sizinali choncho pa mapasa osafanana. Ana a autism amabadwa m'maiko onse, kwa olemera ndi osauka, kwa asodzi ndi kwa aphunzitsi. Mabanja ambiri agulitsa mbuzi, mpunga ngakhale maukonde poyendayenda kufuna wochotsa tsoka, mwana n'kutsala ndi mphini thupi lonse koma osasintha.

"Ndi tsempho, mayi ake sadasunge mwambo," kapena "Sadamulere bwino." Dziwani kuti kuloza chala mayi kudachitikanso kumaiko a azungu. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 madokotala ena ankaphunzitsa kuti autism imabwera chifukwa cha mayi wouma mtima amene sakonda mwana wake. Amayi ambiri adalira ndi mlandu umene sadapalamule, mpaka kafukufuku adaonetsa kuti chiphunzitsocho chinali chabodza. Mayi mnzathu, simudalakwe kanthu.

"Ndi katemera." Mphekesera iyi idayamba mu 1998, pamene dokotala wina wa ku London, Andrew Wakefield, adalemba za ana 12 okha n'kunena kuti katemera wa chikuku akukhudzana ndi autism. Zidadziwika kuti nkhaniyo inali yachinyengo. Mu 2010 magazini imene idasindikiza idaichotsa, ndipo iye adalandidwa chilolezo cha udokotala. Mu 2019 kafukufuku wa ana oposa 650,000 ku Denmark sadapeze kugwirizana kulikonse. Chimene chimasokoneza makolo ndi nthawi: kuno katemera wachiwiri wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 15, ndipo zizindikiro za autism zimayamba kuonekera bwino pa msinkhu womwewo. Zinthu ziwiri kuchitika mwezi umodzi sizitanthauza kuti china chabala chinzake. Chikuku chimapha ana ndi kuchititsa khungu, choncho katemera asalekedwe.

"Tingopemphera." Kupempherera mwana ndi banja lake n'koyenera, ndipo mayi wotopa amalimba mtima akadziwa kuti anzake akumukumbukira. Koma mwana akathyoka mwendo timapemphera tili panjira ya kuchipatala. Tichitenso chimodzimodzi pano. Ndipo tikane kuti mwana wotere amangidwe, amenyedwe, akuwiridwe kapena amanidwe chakudya poti akumuchotsa ziwanda. Zimenezo ndi nkhanza, ndipo kwa mwana amene phokoso limamupweteka ndi chizunzo chachikulu.

Palinso mawu amene mayi amadziuza yekha mumtima: "Ndikapita ndiye kuti ndavomera kuti mwana wanga ndi wolumala." Mantha awa ndi enieni ndipo tisawapeputse. Koma dzina limene dokotala angapereke silisintha mwanayo. Amene mwapita naye m'mawa ndi yemweyo mubwere naye madzulo. Chosintha n'chakuti tsopano mwadziwa pogwira.

5. KUKONZEKERA ULENDO WA KUCHIPATALA

Poyambira ndi pafupi: mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena namwino wa kusikelo. Pamzere wa sikelo pamakhala anthu ambiri ndipo achipatala amakhala pa changu, choncho musadikire kuti akufunseni. Nenani nokha momveka kuti, "Ndabwera ndi nkhawa pa kakulidwe ka mwanayu. Ali ndi zaka 2, salankhula, saloza, ndipo satembenuka ndikamuitana." Mawu otere amamveka kusiyana ndi kungoti mwanayu ndi wovuta.

Musanapite chitani izi:

1. Kwa sabata ziwiri, lembani m'kope zimene mukuona. Ngati simulemba, mnzanu wa m'gulu akulembereni. Lembani mawu onse amene mwana amanena, zimene amachita akafuna chinthu, zimene zimamuliritsa, zakudya zimene amalola, ndi momwe amagonera.
2. Kumbukirani mbiri yake: mimba idayenda bwanji, adalira atangobadwa kapena ayi, adakhala pansi ndi kuyenda ali ndi miyezi ingati, adadwalapo malungo okomoka nawo, khutu lidatulukapo mafinya, ndipo kubanja kuli wina wotere.
3. Ngati pali foni yojambula, jambulani kanema wamfupi mwana akusewera komanso mukumuitana dzina. Ana ambiri akafika malo achilendo sachita zimene amachita kunyumba.
4. Tengani buku lake la kusikelo, chakudya chimene amakonda ndi kanthu kamene amaseweretsa.
5. Pitani awiri. Zikatheka bambo a mwana apite nawo kuti akadzimvere okha.

Achipatala chaching'ono akaona kuti m'pofunika, amalemba kalata yokutumizani kuchipatala cha boma ku Nkhotakota. Kuboma komweko kulinso chipatala cha St Anne's. Kuchokera kumeneko mwana akhoza kutumizidwa kwa madokotala a ana ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kwa anthu a ku Ngala njira ya kumpoto kudzera ku Nkhata Bay ndi yothekanso, popeza ku Mzuzu kuli a St John of God amene ali ndi malo othandizira ana ochedwa kukula ndi kuphunzitsa makolo awo. Zoyezera makutu ndi makina zimapezeka ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe ndi kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Funsani tsiku limene amaona ana otere musananyamuke, kuti musataye ndalama pachabe.

Ambiri amaopa chifukwa sadziwa chimene chikachitike. Palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa autism. Dokotala amafunsa makolo mafunso ambiri, kenaka amaonerera mwana akusewera: amamuitana dzina, amamulozera chinthu kuti aone ngati atsatira ndi maso, amamupatsa kapu ndi supuni kapena mpira. Dziko lathu lili ndi chida chakechake choyezera kakulidwe ka ana chotchedwa MDAT, chimene Dr Melissa Gladstone ndi anzake a kusukulu ya udokotala ku Blantyre adachitulutsa mu 2010 atayesa ana akumudzi oposa 1,400. Chili ndi zoyesa 136 pa mbali zinayi: kayendedwe ka thupi, kagwiritsidwe ka zala, kulankhula ndi kucheza. Chidachi chimaonetsa mbali imene mwana watsalira, koma kutsimikiza kuti ndi autism ndi ntchito ya dokotala wodziwa za ana. Dokotala wozolowera amatha kuzindikira autism mwana ali ndi zaka 2. Nthawi zina amafuna kumuona kawiri kapena katatu. Mukauzidwa kuti mudikire, funsani kuti, "Tidikire mpaka liti, ndipo tiziyang'ana chiyani?" Tsikulo likakwana, bwereraninso.

Ngati mwana wapezeka ndi autism, ang'ono ake aziyang'aniridwa bwino, chifukwa kafukufuku waonetsa kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu obadwa pambuyo pa mwana wotere amakhalanso nayo.

6. ZOCHITA PAKHOMO POYEMBEKEZERA

Ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu ukhoza kutenga miyezi kuti ndalama ipezeke. Zotsatirazi mukhoza kuyamba lero, ndipo sizipweteka mwana aliyense ngakhale atapezeka kuti alibe autism.

Khalani pansi moyang'anana naye, nkhope yanu ifanane msinkhu ndi yake. Lowani m'sewero lake. Ngati akundandalika zigoba, tengani zanu mundandalike pambali pake, kenaka mumupatse chimodzi n'kudikira.

Lankhulani mawu afupiafupi pa zimene zikuchitika: "Madzi." "Samba." "Nsomba iyi." Mukanena, dikirani pang'ono kuti naye ayese.

Mupatseni mpata wopempha. Gwirani nthochi dzanja ili, mbatata dzanja linalo, mufunse kuti akufuna chiti. Akaloza, akayang'ana kapena akatulutsa liwu lililonse, mupatseni msanga ndi kumuyamikira.

Sungani dongosolo limodzi la kudzuka, kudya, kusamba ndi kugona, ndipo muzimuuziratu zinthu zikati zisinthe.

Akayamba kukuwa ndi kudzigwetsa, funsani mumtima kuti chayambitsa n'chiyani: njala, kutopa, phokoso, dzino kapena khutu lopweteka. Mwana wopanda mawu amalankhula ndi thupi. Chikwapu chimangoonjezera mantha. Mupititseni pamalo a phee mpaka mtima utsike.

Musamusiye ndi foni kapena kanema nthawi yaitali pofuna kuti atonthole. Mwana amaphunzira kulankhula kwa anthu.

Chomaliza ndi chachikulu kwa ife a kunyanja. Ana ambiri a autism amakonda kuchoka pakhomo mwakachetechete, amakopeka kwambiri ndi madzi, sadziwa choopsa, ndipo mukawaitana sayankha. Kumira m'madzi ndi imodzi mwa ngozi zimene zimapha ana otere kwambiri. Ku Ngala nyanja ili pakhomo, m'madambo ndi m'mathiriro a mitsinje muli ng'ona, ndipo mbali inayo kuli msewu wa M5 wa magalimoto othamanga. Nthawi iliyonse pakhale munthu wamkulu mmodzi wodziwika amene akumuyang'ana, osangoti ali ndi anzake. Uzani anansi ndi asodzi a padoko kuti akamuona yekha amugwire dzanja n'kubwera naye. Akasowa, yambani kufuna kumadzi. Apa tikuona kuopsa kobisa mwana: mudzi sungateteze mwana amene suukumudziwa.

7. NTCHITO YA GULU LATHU

Mutu umodzi susenza denga. Mayi wa mwana wotere sagona mokwanira, sapita kumunda kapena kukagula usipa momasuka, ndipo nthawi zina banja limagwedezeka. Gulu la amayi lingathe kuchita izi:

Kusankha amayi awiri oti aziperekeza anzawo kuchipatala ndi kuwathandiza kulemba m'kope.

Kupatula kandalama m'thumba la gulu kapena kubanki m'khonde kothandizira ulendo.

Kusinthana kukhala ndi mwanayo maola awiri kapena atatu pa sabata kuti mayi ake apume.

Kuitana mlangizi wa zaumoyo kapena namwino kuti adzalankhule pamsonkhano wathu, agogo ndi abambo ataitanidwanso.

Kumulandira mwanayo pamisonkhano yathu ndi pa Sande sukulu, ngakhale akuyendayenda kapena kuchita phokoso, ndi kuletsa ana athu kumuseka.

Kuthandiza makolo kukalankhula ndi alezi a kusukulu ya mkombaphala ndi aphunzitsi aakulu a kupulayimale. Lamulo la anthu aulumali la 2024, limene lidalowa m'malo mwa la 2012, limaletsa kusala munthu pa maphunziro ndi pa chithandizo cha kuchipatala chifukwa cha ulumali. Aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndipo ofesi ya zamaphunziro kuboma ingakuuzeni sukulu yapafupi imene ili ndi mphunzitsi wotere. Kulinso bungwe la MACODA, limene kale linkatchedwa MACOHA, ndi la makolo a ana aulumali la PODCAM.

Kukumbukira tsiku la 2 April, limene bungwe la United Nations lidakhazikitsa mu 2007 kuti likhale lodziwitsa anthu za autism, pophunzitsa phunziro lino kumudzi.

Pomuyandikira mayi amene mwana wake akutidetsa nkhawa, tipite mmodzi kapena awiri, kumbali, osati pagulu. Tiyambe ndi kufunsa: "Amake mwana, kodi mwanayu inu mukumuona bwanji?" Kawirikawiri mudzapeza kuti mayiyo adaona kalekale, ndipo amangosowa womumvera.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. M'fanizo lija, ndi pati pamene mayi wa m'gulu lathu akadalowererapo, ndipo akadanena chiyani?
2. Kodi ana otere amatchedwa mayina anji m'mudzi mwathu? Mayinawo amawachita chiyani makolo?
3. Mwana wongochedwa kulankhula amasiyana bwanji ndi mwana amene tafotokoza pa mutu 2?
4. Awiriawiri, yesezani kukambirana kwa mayi ndi apongozi ake, kenaka kwa mayi ndi namwino wa kusikelo.
5. Kodi abambo tingawakope bwanji kuti apite nawo kuchipatala?
6. Pa ntchito za pa mutu 7, ndi ziwiri ziti zimene gulu lathu liyambe mwezi uno? Atsogolere ndani?

MAWU OMALIZA

Amayi, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pamsonkhano wotsatira mayi aliyense abwere atatha kutchula pamtima zizindikiro zitatu izi: mwana wa chaka chimodzi wosatembenuka poitanidwa dzina, mwana wa miyezi 18 wosaloza ndi wopanda liwu, ndi mwana wa msinkhu uliwonse amene wasiya kulankhula. Mlembi alembe mayina a amayi awiri operekeza anzawo, ndipo mtsogoleri akaonane ndi mlangizi wa zaumoyo kuti apangane tsiku lodzacheza ndi gulu.